Makatuni a ku Japan: kholo liyambe ndilo kulawa

Aliyense amene wayendako pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo kapena pa Ntchisi boma tsiku la msika akulidziwa phokoso lomwe limatuluka m'tinyumba ta vidiyo sho. Kale phokosolo lidali la Rambo, Chuck Norris ndi anyamata a karate. Kenaka kudabwera mafilimu a ku Nigeria ndi asing'anga ake. Lero mukasuzumira pakhomo la vidiyo sho, kapena pafoni ya mwana wanu wa Fomu 2, mupeza anthu ojambulidwa pamanja, a maso akuluakulu ndi tsitsi losongoka, akulankhula Chijapani. Ana amawatchula kuti anime. Makolo ambiri amangoti ndi zidole, n'kupitiriza kusankha mtedza wawo.

Ife tikuti mawu akuti "zidole" ndiwo atipusitsa. Chifukwa cha mawuwa makolo agawikana pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zikulakwitsa. Ena amalekerera mwana wa Sitandade 4 kuonera chilichonse malinga chikhale chojambulidwa, poganiza kuti katuni siingaononge mwana. Ena amaletseratu zonse, amvekere ndi zaziwanda kapena zachibwana. Woyamba akudyetsa mwana chakudya chomwe iye sadachione. Wachiwiri akutaya nkhali yonse chifukwa cha ntchentche imodzi. Mayi wanzeru amayamba walawa ndiwo asanapakulire ana, ndipo n'zimene tikupempha makolo kuti achite ndi mafilimuwa.

Dziko la Japan si lachilendo kwa ife. Ma Sienta ndi ma Probox omwe amatinyamula pamsewu wa M1 adachokera kumeneko, ndipo achinyamata ongodzipereka a ku Japan akhala akubwera kudzagwira ntchito m'sukulu ndi m'zipatala za dziko lino kuyambira mu 1971. Chomwe ambiri sitidziwa n'chakuti kwawoko kujambula nkhani ndi ntchito yolemekezeka. Kuchokera pomwe Astro Boy wa Osamu Tezuka adayamba kuoneka pa wailesi yakanema mu 1963, a Japan akhala akujambula nkhani za misinkhu yonse. Zilipo za ana a mkaka, zilipo za achinyamata, ndipo zilipo zomwe kwawo komweko amazionetsa pakati pa usiku ana atagona chifukwa muli magazi ndi zolaula. Filimu ya Spirited Away ya Hayao Miyazaki idapata mphoto ya Oscar mu 2003. Choncho kujambulidwa pamanja sikutiuza kanthu za msinkhu wa woonera.

Vuto lina ndi nthawi. Naruto, yemwe anyamata ambiri amamukonda, ali ndi zigawo 720 mukaphatikiza mbali zake ziwiri, kutanthauza maola oposa 270 ali chikhalire. One Piece idayamba mu 1999 ndipo idapyola kale zigawo 1,000. Mwana amene walowa m'mtsinje wotere chaka cha mayeso a MSCE satulukamo msanga. Kholo lomwe likufuna kusankha liyambe lafunsa kuti nkhaniyo ili ndi zigawo zingati komanso ngati ili ndi mathero. Mafilimu omwe tikutchula pano tawasankhira munthu wamkulu wosakonda zamatsenga ndi zokuwakuwa, amene akufuna nkhani ya anthu enieni, ya mavuto odziwika, ndiponso yokhala ndi potsirizira.

Amene akukayika ayambe ndi Grave of the Fireflies, filimu ya Isao Takahata ya mu 1988. Siyifika n'komwe ola limodzi ndi theka. Ndi nkhani ya mnyamata wa zaka 14, Seita, ndi mlongo wake wa zaka 4, Setsuko, mumzinda wa Kobe mu 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto. Mayi awo afa ndi mabomba, anawo akukakhala kwa azakhali, ndipo chakudya chikayamba kuchepa chibale nachonso chikuchepa. Mnyamatayo, chifukwa chosafuna kunyozedwa, akutenga mlongo wake n'kukakhala kuphanga, komwe usiku nyali yawo ndi ziphaniphani. Mulibe mfiti, mulibe ngwazi youluka. Amene adaona njala ya 2002, pomwe anthu a m'chigawo chapakati ankagulitsa mbuzi pamtengo wa nkhuku n'kumadya gaga ndi zitsa za nthochi, sadzafuna womasulira. Tikuchenjeza kuti ndi yomvetsa chisoni kwambiri ndipo si ya ana aang'ono. Koma mukaimaliza simudzanenanso kuti zonsezi ndi zidole.

Tikafika pa nkhani za m'mlengalenga, yoyamba kuitchula ndi Planetes, ya zigawo 26, yomwe idaonetsedwa ku Japan kuyambira mu 2003 mpaka 2004 kuchokera pa buku la zithunzi la Makoto Yukimura. Nkhaniyi ikuchitika m'chaka cha 2075, koma musayembekezere asilikali omenyana ndi zilombo za kunyenyezi. Ngwazi zake ndi anthu otola zinyalala. Ntchito yawo ndi kuchotsa zidutswa za zitsulo zomwe zimazungulira dziko lapansi, zotsalira za maroketi ndi masatelayiti akufa. Pakampani yawo iwo ndiwo onyozeka: ofesi yawo ili chipinda chapansi, antchito ndi theka la omwe amafunika, chombo chawo n'chakale, ndipo mabwana amawakumbukira pokhapokha zinthu zikavuta. Aliyense amene adagwirapo ntchito yosesa pamsika kapena yolondera usiku awazindikira anthuwa.

Chomwe chimaikweza Planetes n'chakuti siyinama pa sayansi. Kunja kwa chombo kulibe phokoso chifukwa kulibe mpweya. Munthu akakankha chinthu naye amabwerera m'mbuyo. Okhalitsa kumwambako mafupa awo amafooka. Muli mtsikana wa zaka 12 wobadwira pamwezi, wamtali ngati munthu wamkulu, yemwe thupi lake silingapirire kulemera kwa dziko lapansi. Muli bambo wa ku Russia, Yuri, yemwe mkazi wake adafa kachitsulo kakang'ono kataboola chombo cha anthu apaulendo. Ndipo alimi a fodya a ku Dowa adzaseka akaona kaputeni wa chombocho, mayi Fee, akusakasaka malo osutira ndudu m'dera lomwe mpweya uli wogula.

Wina afunsa kuti zinyalala za kumwamba zikumukhudza bwanji mlimi wa soya wa kwa Nthondo. Yankho lake n'lakuti vutoli si lopeka. Katswiri wa ku NASA, Donald Kessler, adachenjeza kale mu 1978 kuti zidutswa zikachuluka zidzayamba kuombana n'kubala zidutswa zina. Pa 10 February 2009 satelayiti ya ku America, Iridium 33, idaombana ndi ya ku Russia yomwe idali itasiya kugwira ntchito, Kosmos 2251, ndipo padatuluka zidutswa zoposa 2,000. Zidutswa zotere zimathamanga makilomita oposa 7 pa sekondi imodzi, liwiro lochoka ku Lilongwe kukafika pa Mponela munthu asanawerenge kufika pa 10. Pa 30 December 2024 chitsulo chonga mkombero cholemera pafupifupi makilogalamu 500, kulemera kwa matumba 10 a chimanga, chidagwa m'mudzi wa Mukuku ku Kenya, ndipo bungwe loona za m'mlengalenga la dzikolo lidati chidachokera ku roketi. Komanso tisaiwale kuti a zanyengo amadalira zithunzi za masatelayiti potiuza za mvula, monga momwe adalondolera namondwe wa Freddy asanafike kummwera mu March 2023.

Planetes imafunsanso funso lomwe ndi lathu: kodi chuma cha kumwamba chidzakhala cha yani? M'chigawo china injiniya wa dziko losauka, lopeka, akuyesetsa kuti chovala cha m'mlengalenga chomwe anthu akwawo apanga chivomerezedwe ndi makampani akuluakulu, pomwe kwawoko kukubuka nkhondo. Munthu wina wa dziko losauka akufika polowa gulu la zigawenga chifukwa choona kuti maiko olemera akugawana mwezi pomwe kwawo ana akufa ndi njala. Filimuyi siyimuyamikira, koma siyibisanso chomwe chidamukwiyitsa. Iyi ndi nkhani yoti bambo ndi mwana wake wa sekondale akambirane pakhonde mpaka nsima kuzizira.

Yachiwiri ndi Space Brothers, yomwe idayamba mu 2012 n'kutha mu 2014. Iyi ndiyo yokhayo yaitali pamndandanda wathu, zigawo 99, choncho ndi ya patchuthi, koma ndiyonso yoyenera banja lonse. Ali ana, Mutta ndi mng'ono wake Hibito adalonjezana kuti adzapita m'mlengalenga. Atakula, wamng'onoyo wasankhidwa kupita kumwezi, pomwe wamkuluyo wachotsedwa ntchito pakampani yopanga galimoto atamenya bwana wake ndi mutu chifukwa chonyoza mng'ono wakeyo. Ali ndi zaka zoposa 30 wabwerera kunyumba ya makolo, alibe ntchito, ndipo kulikonse akudziwika ngati mkulu wake wa munthu wotchuka. Mabanja angati kuno ali ndi mwana woyamba yemwe adapitiriridwa ndi mng'ono wake, ndipo pamaliro kapena paukwati amakhala kumbuyo ndi manyazi?

Nkhani yonse yagona pa momwe Mutta akuyambiranso. Tikumuona akulemba mayeso a bungwe la JAXA, akupimidwa thupi, akutsekeredwa m'chipinda masabata awiri ndi anzake opikisana nawo kuti aone yemwe amapsa mtima msanga ndi yemwe amatha kukhala ndi anthu. Wopambana si wamphamvu kapena wolongolola, koma woona tinthu tating'ono tomwe ena sakutiona. Olemba ake adafufuza mokwanira, moti mu 2012 Akihiko Hoshide, yemwe adalidi m'mlengalenga panthawiyo, adajambula mawu ake a m'filimuyi ali m'chombo cha International Space Station. Mwana amene walephera mayeso n'kumaganiza zongokwera basi ya ku Joni aonere iyi.

Tsopano kwa okonda nkhondo, pakuti tikudziwa kuti mnyamata sangakhutire ndi mayeso ndi zinyalala zokha. Moribito, ya mu 2007, ili ndi zigawo 26 ndipo idachokera pa buku la mayi Nahoko Uehashi. Ngwazi yake ndi Balsa, mayi wa zaka 30 wodziwa mkondo, wovala modzilemekeza, yemwe ntchito yake ndi kuteteza anthu paulendo. Adalumbira kupulumutsa miyoyo 8 polipira miyoyo 8 yomwe idatayika kuti iye akhale moyo ali mwana, ndipo amayesetsa kumenya nkhondo osapha. Wapatsidwa mwana wa mfumu, Chagum, kuti amubise kwa bambo ake omwe alamula kuti aphedwe, ndipo akumuphunzitsa kusonkha moto, kugula pamsika ndi kudya zomwe anthu wamba amadya. Ndewu zake n'zomveka: munthu amatopa, amavulala, ndipo bala limatenga masiku kuti lipole. Tinene poyera kuti muli za mizimu, chifukwa mwanayo wanyamula dzira la mzimu wa madzi lomwe likaonongeka dziko ligwa m'chilala. Kholo lomwe silifuna zotere lidziwiretu. Koma kwa anthu omwe makolo awo ankapempha mvula kwa Makewana ku Msinja, nkhani ya chilala ndi nyimbo zakale zoiwalika si yachilendo.

Vinland Saga, yolembedwa ndi Yukimura yemwe uja wa Planetes, ndi ya akuluakulu okhaokha. Mbali yoyamba ya mu 2019, ya zigawo 24, yadzaza magazi: Thorfinn, mnyamata wa ku Iceland zaka 1,000 zapitazo, akukulira pakati pa ankhondo a chi Viking ndi cholinga chimodzi, kubwezera yemwe adapha bambo ake. Mukaimira pamenepo mwaphonya phunziro lonse. M'mbali yachiwiri ya mu 2023 mnyamata uja ndi kapolo pamunda wa mwinimalo wina ku Denmark. Iye ndi mnzake Einar auzidwa kuti agwetse nkhalango, azule zitsa, adzale tirigu, ndipo akakolola adzadziombole. Akapitawo akuwadyera chakudya ndi kuwaonongera mbewu. Amene adakhalapo tenanti paesiteti ya fodya ku Dowa kapena ku Kasungu, mchitidwe womwe lamulo la dziko lino lidauletsa mu 2021, adzaona moyo wake pakanema. Ndipo m'mundamo ndi momwe wakupha uja akuzindikira kuti kubwezera kudamusiya wopanda kanthu. Sitikudziwa filimu ina ya nkhondo yomwe imanyoza nkhondo chotere.

Cowboy Bebop ya mu 1998, ya zigawo 26, imaphatikiza zonse ziwiri, mlengalenga ndi mfuti. Ndi nkhani ya anthu osaka zigawenga kuti alandire mphoto m'chaka cha 2071, koma nthawi zambiri ndalamayo imathera kulipira zomwe aphwanya, moti amagona ndi njala m'chombo chawo chakutha. Aliyense wa iwo akuthawa zakale zake: wina adali wapolisi, wina chigawenga, wina ali ndi ngongole yosatheka kubweza. Nyimbo zake za jazi, zopekedwa ndi Yoko Kanno, n'zapamwamba. Koma muli fodya, mowa, mankhwala ozunguza bongo ndi mavalidwe omwe agogo sangakondwe nawo. Iyi ndi ya bambo ndi mayi ana atagona, kapena ya wachinyamata yemwe wamaliza Fomu 4.

Pali ina yomwe ambiri adzaithamangira chifukwa cha dzina, Yasuke, ya mu 2021. Yasuke adalikodi: munthu wakuda yemwe adafika ku Japan mu 1579 pamodzi ndi wansembe Alessandro Valignano, n'kudzatumikira mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga, ndipo buku lina la mu 1627 lidati adachokera ku Mozambique. Mbiri yake ndi yokoma, koma filimuyo yadzaza maloboti, matsenga ndi magazi. Wofuna mbiri yeniyeni sakaipezamo. Dzina lokha lisakugulitseni mphaka m'thumba.

Tikudziwa kuti ena atitsutsa. Adzati m'malo molimbikitsa ana kuwerenga, tsamba lino likuwatumiza kukanema. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo aphunzitsi omwe amapeza ana ovala yunifolomu m'vidiyo sho nthawi ya sukulu sakunama. Koma foni idalowa kale m'nyumba, ndipo mwana woletsedwa kunyumba amakaonera kwa mnzake, komwe kulibe womusankhira. Funso lomwe latsala si lakuti aonere kapena asaonere, koma lakuti aonere chiyani, nthawi yanji, ali ndi yani. Tikumbukirenso William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, boma loyandikana nafe. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala, adaona chithunzi cha makina oyendera mphepo pabuku la mulaibulale, ndipo mu 2002 adapanga ake ndi zitsulo zotola ndi njinga yakutha. Chingerezi chidali chomuvuta, koma chithunzi chidamulankhula. Chomwe mwana waona ndi maso chimamera, chabwino kaya choipa. M'mera mpoyamba.

Nkhani ya chilankhulo isakuopseni. Mafilimuwa amabwera m'Chijapani ndi mawu a Chingerezi olembedwa pansi, kapena atamasuliridwa m'Chingerezi. Muuzeni mwana wanu wa sekondale aziwerenga n'kumamasulira banja lonse. Mudzadziwa ngati fizi yanu ikugwira ntchito, ndipo iye adzaphunzira kuwerenga mofulumira osadziwa kuti akuphunzira. Kwa anyamata omwe amamasulira mafilimu m'Chichewa, luso lanu timaliona, koma nthabwala zotukwana zomwe ena mumathiramo zimasandutsa filimu yabwino kukhala yosayenera ana. Masulirani nkhani, osati kuikwirira.

Eni mavidiyo sho ndi anyamata othira mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi, inunso muli ndi udindo. Musapatse mwana wa Sitandade 5 chilichonse chomwe watchula chifukwa choti ndi katuni. Lembani pabolodi panja msinkhu woyenera, monga mumalembera maina a matimu tsiku la mpira. Bungwe la Censorship Board, lomwe lamulo la 1968 lidalipatsa mphamvu zoyang'anira zoonetsa anthu, lisathere m'mizinda ikuluikulu. Lifike pa Mvera, pa Nambuma ndi pa Khuwi, ndipo lizindikire kuti makatuni nawo amafunika kuunikidwa. Amene ali ndi intaneti yokwanira adziwe kuti pali makampani monga Netflix ndi Crunchyroll omwe amaonetsa anime movomerezeka ndipo amalemba msinkhu woyenera pafilimu iliyonse. Aphunzitsi a sayansi omwe sukulu zawo zili ndi magetsi kapena sola angathe kuonetsa chigawo chimodzi cha Planetes Lachisanu masana, n'kufunsa ana chifukwa chomwe kunja kwa chombo kulibe phokoso.

Kwa makolo, pempho lathu ndi laling'ono. Sabata ino mufunseni mwana wanu dzina la chomwe akuonera, zigawo zake, ndi chomwe chikumusangalatsa. Khalani naye pansi muonere limodzi chigawo chimodzi, mphindi 25 zokha. Chikakhala choipa mudzaletsa mukudziwa chomwe mukuletsa, ndipo mudzakhala ndi china chomupatsa m'malo mwake. Safunsa adadya phula.

Ndipo mukamaliza, tulukani naye panja. Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, komwe magetsi sadaphimbe thambo, miyezi ya chilimwe nyenyezi zimaoneka ngati mungazitole ndi dzanja. Kukangoda kumene, yang'anani bwino: mudzaona kanyenyezi kena kakuyenda pang'onopang'ono osaphethira, kudutsa pakati pa zinzake. Imeneyo si mfiti ayi, ndi satelayiti, ndipo idapangidwa ndi anthu omwe nawonso adali ana a winawake. Mwana wanu akakufunsani kuti imayenda bwanji osagwa, musamukalipire. Mpezereni woti amuyankhe.